Mafunso ndi Mayankho: Mzere Wokhota Ukakana Kugona Bwino pa Surface

Makalata angapo amene talandira mwezi uno achokera kwa owerenga amene amajambula zinthu pa kompyuta ndi mapulogalamu a 3D, ndipo onse akudandaula za mzere wokhota umene ukuvuta kuugoneka pa surface, kutanthauza khungu la kunja la chinthu chimene chajambulidwa. Tasankha asanu. Mayankho ambiri akutchula malamulo (ma command ouza pulogalamu chochita) a mu Rhino, pulogalamu ya kampani ya Robert McNeel & Associates ya ku Seattle imene inatuluka koyamba mu 1998, chifukwa ndi imene ofunsa ambiri akugwiritsa ntchito, koma mfundo zake zimagwiranso ntchito m'mapulogalamu ena.

FUNSO: Ndikujambula boti la fibreglass lotalika mamita 6. Ndinajambula mzere wa m'mbali mwa boti ndili pa Front view, kenako ndinauponya pa thupi la botilo ndi lamulo la Project. Pakati pa boti mzerewo wagona bwino, koma kutsogolo, kumene mbali ziwiri zimapita kukakumana, watambasuka ndipo wasiya njira imene ndinkafuna. Nditayesa lamulo la Pull unatuluka wopindikapindika. Kodi lamulo loyenera ndi liti? Wopanga maboti, Mangochi.

YANKHO: Bambo, malamulo awiriwa onse agwira ntchito yawo molondola, kungoti lililonse limayankha funso lakelake. Project imatenga malo aliwonse a pamzere wanu n'kuwayendetsa molunjika mbali imodzi yokha mpaka atagunda surface. N'chifukwa chake mukayang'ana kuchokera kumene munaponyera, mzere watsopanowo umaoneka chimodzimodzi ndi woyamba uja. Pamene surface yayang'anizana nanu, monga pakati pa boti, palibe chimene chimasokonekera. Koma pamene yayamba kupendekera kumbali, kamtunda kakang'ono ka pamzere wanu kamagwera pa dera lalitali la surface. Ikapendekera ndi madigiri 60, sentimita imodzi imasanduka masentimita awiri, ndipo ikafika pa madigiri 80, sentimita yomweyo imatambasuka pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Kalikonse kamene dzanja lanu linaphonya pojambula kamakulanso ndi mlingo womwewo, ndipo izi n'zimene mukuziona kutsogolo kwa boti lanu.

Pull ilibe mbali imodzi imene imalunjika. Malo aliwonse a pamzere amakokeredwa ku malo a pa surface amene ali pafupi nawo kwambiri. Njira imeneyi ndi yabwino zedi mzere ukakhala kuti uli kale pafupi ndi surface, koma ukakhala patali zinthu zimasintha, makamaka ngati uli mkati mwa chinthu champhako monga thupi la boti. Kumeneko malo awiri oyandikana a pamzere amatha kupeza kuti wina wayandikira kwambiri m'mbali mwa boti pamene mnzake wayandikira kwambiri pansi pake, ndipo mzere wotulukawo umadumpha kuchoka kwina kupita kwina. Komanso gawo la mzere limene lapitirira malire a surface limakokeredwa m'mphepete n'kuyamba kutsatira mphepeteyo. Ndikuganiza kuti mzere wanu munausiya pakati pa boti kapena kunja kwake, patali ndi thupi, pamene munkaukoka.

Pa ntchito yanuyi ndingachite motere. Jambulani mzerewo kawiri, kamodzi monga mmene ukuonekera cham'mbali ndipo kachiwiri monga mmene ukuonekera kuchokera pamwamba, motsatira kupindika kwa boti pa msinkhu umenewo. Lamulo la Crv2View limaphatikiza mizere iwiriyi n'kutulutsa umodzi woyenda mlengalenga pafupi kwambiri ndi thupi la boti. Mukaukoka umenewo ndi Pull, mtunda woti uyende umakhala waufupi, choncho sipakhala kudumpha. Njira ina ndi kujambula pa surface pomwepo ndi InterpCrvOnSrf, koma musadinedine malo ambiri, chifukwa malo alionse amene mwadina amaukakamiza mzerewo kudutsa pomwepo ngakhale dzanja litanjenjemera. Jambulani mbali imodzi yokha ya boti, inayo mudzaipeze ndi Mirror.

FUNSO: Mzere wanga unali ndi ma control point 8 okha, koma nditaugoneka pa surface unatuluka ndi ochuluka moti sindingathe kuwawerenga, ndipo ndikasuntha kamodzi pamatuluka kachotupa. Kodi ndalakwitsa pati? Wophunzira za zomangamanga, Blantyre.

YANKHO: Simunalakwitse paliponse. Funso lanuli lafika pa phata la nkhani yonse ya lero, ndipo ndikhalapo pang'ono. Kugona pa surface ndi kusalala ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo nthawi zambiri mukakoka chimodzi chinacho chimathawa.

Mizere ndi ma surface a mu Rhino ndi a mtundu wa NURBS, kutanthauza kuti maonekedwe awo amachokera ku masamu amene amawerengedwa kuchokera ku ma control point, timadontho timene mumakoka kuti mzere kapena surface ipindike. Mzere weniweni umene umabadwa mukaponya mzere wina pa surface yokhota nthawi zambiri sutheka kuulemba ndendende m'masamu amenewa. Chimene pulogalamu imachita ndi kupeza malo ambiri a pa surface, kenako n'kupanga mzere watsopano wodutsa pafupi nawo, ndipo imapitiriza kuwonjezera ma control point mpaka paliponse mzerewo usatalikirane ndi surface kupitirira mlingo wotchedwa absolute tolerance. Mlingowu mudzaupeza mu Document Properties pansi pa Units. Mukayamba fayilo ndi template ya zinthu zing'onozing'ono za m'mamilimita, umakhala pa 0.001, ndipo ya zinthu zikuluzikulu imauika pa 0.01. Ngati mukujambula denga lotalika mamita 20 koma mlingo uli pa 0.001 ya milimita, mwailamula pulogalamu kuti isaphonye ndi kamtunda kamene mmisiri aliyense sangakaone, ndipo iyo ikumverani poupachika mzere wanu ma control point ochuluka. Mlingowu muziusankha poyamba penipeni pa ntchito, molingana ndi kachinthu kochepetsetsa kamene mudzajambule, chifukwa kuusintha pakati pa ntchito kumachititsa kuti zidutswa zopangidwa kale zikane kulumikizana ndi zatsopano.

Chifukwa chimene ma control point ochepa amaperekera mzere wosalala chinadziwika kalekale kompyuta zisanabwere. Amisiri a sitima zapamadzi ndi ndege ankajambula mizere yawo ndi kathabwa katali kopyapyala kotchedwa spline, kamene ankakapinda n'kukatsamiza ndi zitsulo zolemera za mtovu m'malo owerengeka. Pakati pa chitsulo china ndi chinzake, kathabwako kankadzipezera kokha njira yosalala, ndipo mmisiri wodziwa ntchito ankayesetsa kuchepetsa zitsulozo. Isaac Schoenberg analemba za masamu a mizere yotere mu 1946, ndipo Ken Versprille anafotokoza za mtundu umene lero timautcha NURBS m'kafukufuku wake wa mu 1975 ku Syracuse University. Control point iliyonse imalamulira kachigawo kake kokha ka mzere. Zikachuluka, kachigawoko kamafupika, ndiye mukasuntha imodzi pamatupa pamalo amodzi m'malo moti mzere wonse upindike pamodzi.

Tsono musanachite kalikonse, dzifunseni kuti mzerewo mukuufunira chiyani. Ngati mukufuna kudulira surface ndi Trim kapena Split, usiyeni ndi ma control point ake onsewo, chifukwa pamenepo chofunika ndi kugona ndendende. Koma ngati mukufuna kumangirapo surface ina ndi Sweep kapena Loft, mzere wodzaza chonchi udzapatsira surface yatsopanoyo matenda ake onse. Pamenepo yesani kaye Project kapena Pull mutasankha Loose, imene imasunga kapangidwe ka mzere woyamba ndi kuchuluka kwa ma control point ake, ngakhale kuti pakati pawo mzere umatha kunyamuka pang'ono pa surface. Mukhozanso kutenga wodzaza uja n'kuupanganso ndi Rebuild, kuyamba ndi ma control point ochepa n'kumawonjezera pang'onopang'ono, uku mukuyang'ana mtunda umene pulogalamu ikukuuzani kuti watsopanowo wasiyana ndi woyamba. Lamulo la CrvDeviation limayezanso kusiyana komweko pakati pa mizere iwiri iliyonse. Mukafika pa kusiyana kumene ntchito yanu ingathe kupirira, imani pomwepo.

Pali chinthu chinanso chimene ophunzira ambiri sachiganizira. Mzere wogona pa surface sungapose surface yomweyo kusalala. Ngati surface yanu ili ndi timafunde tosaoneka ndi maso, mzere uliwonse umene mudzaugoneke pamenepo udzatitengera. Ine ndimaona kuti kumene kuli kotheka, ndi bwino kuyamba ndi mizere yoyera n'kumangira surface kuchokera ku mizereyo, kusiyana ndi kumanga surface mwachisawawa n'kumadzavutikira kuikanikiza mizere pambuyo pake.

FUNSO: Ndimajambula mipando ndi ziwiya za m'nyumba. Ndili ndi mzere wa chogwirira cha ketulo umene ndikufuna kuti utuluke m'thupi la ketuloyo popanda kuonetsa pamene wayambira. Ndaulumikiza bwinobwino kumphepete kwa surface, koma ndikapanga chithunzi chowala pamaonekabe msoko. Ndamvapo za G1 ndi G2 koma sindidziwa kusiyana kwake. Mayi wojambula ziwiya, Johannesburg.

YANKHO: Mayi, zilembo zimenezi zimatchula milingo ya mmene zinthu ziwiri zalumikizirana. G0 ndi pamene mzere wangokhudza mphepete mwa surface, ndipo ukhoza kuchoka pamenepo ndi kona. G1 ndi pamene mzere ukuchoka molunjika kumene surface inkalowera, kotero palibe kona. G2 ndi pamene, kuwonjezera pa zimenezo, mzere wayamba ndi kupindika kofanana ndi kumene surface inafika nako pamphepetepo. Kuti mumve kusiyana kwa ziwiri zomalizazi, ganizirani wa kabaza amene akuchoka mumsewu wowongoka kulowa pa raundabauti. Msewu ulibe kona, koma ngati wowongokawo wangolumikizana ndi wozungulirawo mwachindunji, ayenera kukhotetsa mahandulo mwadzidzidzi pamalo amodzi. Imeneyo ndi G1. Kukhota kukamayamba pang'onopang'ono, mahandulo nawo amayenda pang'onopang'ono, ndipo imeneyo ndi G2. Mwa masamu, mzere wowongoka uli ndi kupindika kwa 0, pamene chigawo cha bwalo la radius (mtunda wochokera pakati kufika m'mphepete) ya mamilimita 50 chili ndi kupindika kwa 0.02 pa milimita, ndipo pa G1 nambalayi imadumpha kuchoka pa 0 kufika pa 0.02 nthawi imodzi. Chala chikamasisita sichimva kudumphako, koma kuwala kumakuulula, chifukwa chithunzi chimene chikunyezimira pa chinthu chimatsatira kupindika kwake. Fillet wamba wa bwalo, amene amasalaza kona pamene zinthu ziwiri zakumana, amathera pa G1, ndipo ndikukhulupirira kuti msoko wanu ukuchokera pamenepo.

Nzosadabwitsa kuti masamu amenewa anakulira m'makampani a magalimoto a ku France, kumene thupi lopentedwa limaulula chilema chilichonse likaima padzuwa. Paul de Casteljau anapeza njira yake mu 1959 akugwira ntchito ku Citroën, koma kampaniyo inasunga ntchitoyo mwachinsinsi kwa zaka zambiri. Pierre Bézier wa ku Renault anafika pa mizere yomweyo payekha ndipo anafalitsa zimene anapeza m'zaka za m'ma 1960, n'chifukwa chake mizereyo imadziwika ndi dzina lake.

Mu Rhino gwiritsani ntchito lamulo la Match, dinani kumapeto kwa mzere wanu, sankhani SurfaceEdge, kenako dinani mphepete mwa surface ndi kusankha Curvature. Koma dziwani chimene lamuloli limachita mkati. Pofuna G0 limasuntha control point yoyamba, pofuna G1 limasunthanso yachiwiri, ndipo pofuna G2 limagwira yachitatu. Chogwirira cha ketulo chimalumikizika ku thupi mbali ziwiri, kotero chimafuna ma control point atatu uku ndi atatu uko, onse pamodzi 6. Mzere wa degree 3 (degree ndi mlingo wa masamu a mzere) wokhala ndi ma control point 4 sungakwanitse zimenezi, ndipo mukakonza mbali imodzi mudzaona inayo ikuwonongeka. Yambani ndi mzere wa degree 5 wa ma control point 6, kapena lolani BlendCrv ikupangireni woterowo kuchokera m'mphepete ziwirizo. Mukafuna kuti chogwirira chitukuke kwambiri kapena chifupike, musakoke ma control point atatu aja ndi dzanja, koma gwiritsani ntchito EndBulge, imene imasintha maonekedwe popanda kuphwanya kulumikizanako.

Maso okha asakhale mboni yanu. Yatsani CurvatureGraph pa mzere wanu ndi pa mzere wa pa surface umene ukupitirizana nawo, ndipo mudzaona timinga toimirira m'mbali mwake, timene kutalika kwake kumasonyeza kukula kwa kupindika. Pa G1 pamakhala sitepe pamalo olumikizirana, ndipo pa G2 sitepeyo imatha. Timingato tikamakwera ndi kutsika kambirimbiri pa mzere umene umayenera kukhala wa mpindiko umodzi, ndiye kuti mzerewo ndi wodwala ngakhale ukuoneka bwino. Mukamanga surface ya chogwirira, yatsani Zebra, imene imaonetsa mizere ngati ya mbidzi pa surface. Mizere yakuda ndi yoyera ikaduka n'kusemphana pamsoko ndiye G0, ikakumana koma n'kuthyoka ndiye G1, ndipo ikawoloka bwinobwino ndiye G2. Musadabwe mukapeza kuti mizere yanu ili pa G2 koma surface yomangidwa kuchokera ku mizereyo siili pa G2 m'mphepete monse. Mzere umangotsimikizira pamalo pamene wadutsa, ndipo pakati pa mizereyo pamafunika MatchSrf, lamulo lolumikiza mphepete za ma surface.

Ndinenenso kuti si chinthu chilichonse chimene chimafuna G2. Mpando wa matabwa umene udzapalidwe ndi sandipepala ungathere pa G1 popanda wodandaula. Ketulo yonyezimira ndi nkhani ina.

FUNSO: Ndagoneka mzere pa surface, koma pa sikirini ukuoneka ukulowa pansi n'kutulukanso, moduka-duka. Kodi ndiye kuti sunagone? Wowerenga, Lilongwe.

YANKHO: Mwachidziwikire wagona. Chimene mumaona pa sikirini mu Shaded view si surface yeniyeniyo, koma mesh ya tizidutswa tophwatalala imene pulogalamu imapanga kuti ijambule msanga. Tizidutswato timadula njira yachidule m'malo okhota, kotero mzere umene uli pa surface yeniyeni umapezeka pena pamwamba pake, pena pansi pake. Pitani mu Document Properties pansi pa Mesh, sankhani mesh yosalala kwambiri, ndipo kudukaduka kudzachepa, ngakhale kompyuta yofooka idzayamba kuchedwa. Mukafuna umboni wa nambala, ikani madontho pa mzerewo ndi Divide, kenako yezani mtunda wawo kuchokera pa surface ndi PointDeviation.

FUNSO: Rhino ndi yodula kwa ine, ndipo ndimagwiritsa ntchito Blender. Ndikufuna kugoneka mzere pa chigoba cha nsapato kuti ndipangire msoko wa ulusi, koma umatuluka ndi timakona. Kodi Blender ingathe ntchito imeneyi? Wachinyamata wojambula nsapato, Lusaka.

YANKHO: Ingathe, malinga mudziwe kuti mukugwira chinthu cha mtundu wina. Blender, imene Ton Roosendaal anaiyambitsa ku Netherlands ndipo inakhala yaulere kwa aliyense mu 2002, mphamvu zake zili pa mesh. Nsapato yanu ndi gulu la tinkhope tophwatalala, ndipo mzere umene mwaukanikiza pamenepo umatsatira kona iliyonse ya pakati pa kankhope ndi kanzake. Mankhwala oyamba ali pa nsapatoyo osati pa mzere. Ipatseni Subdivision Surface modifier kuti tinkhopeto tichuluke ndi kusalala, ndipo musadalire Shade Smooth, imene imangosintha mmene kuwala kumagwera koma makona onse n'kukhalapobe.

Mukatero, patsani mzere wanu Shrinkwrap modifier ndi kusankha nsapatoyo ngati Target. Njira ya Nearest Surface Point imagwira ntchito mofanana ndi Pull imene tafotokoza m'yankho loyamba, ndipo ya Project imafanana ndi Project ya mu Rhino, choncho machenjezo onse aja akukhudzani inunso: yambani mzere uli kale pafupi ndi nsapato. Njira ya Target Normal Project imachedwerapo koma kawirikawiri imapereka zotsatira zosalala kuposa ya Nearest Surface Point. Ikani Offset yaing'ono kuti ulusi usamire m'chikopa. Onaninso Resolution ya mzerewo, imene imayamba ili pa 12, chifukwa ikachepa mzere umadumpha malo okhota, ndipo ikachuluka mopitirira kusalala kwa mesh umayamba kutola kona iliyonse. Ngati mukufuna kujambula ndi dzanja pa nsapato pomwepo, lowani mu Edit Mode, tengani chida cha Draw ndi kuika Depth pa Surface, kenako chotsani ma control point onse amene sakusintha njira ya mzere.

Pa chithunzi chotsatsira malonda kapena chinthu chosindikiza ndi makina a 3D, zimenezi n'zokwanira. Koma ngati nsapatoyo ikupita ku fakitale kukapangidwira chikombole cha soli, kumeneko adzafuna fayilo ya STEP kapena IGES yokhala ndi ma surface enieni a NURBS. Pamenepo yang'anani FreeCAD, imenenso ndi yaulere, ndipo ili ndi chida choponyera mizere pa surface mu Part workbench, pamodzi ndi Curves workbench yoonjezera imene ili ndi chida cha Zebra. Rhino nayo imalola kuiyesa kwa masiku 90 isanafune malipiro, ndipo ili ndi mtengo wotsikirapo wa ophunzira ndi aphunzitsi, choncho ngati muli pasukulu funsani za umenewo musanagule china chilichonse.